Manja a Kuseri kwa Khoma

Mchenga unayamba kupezeka pa masitepe mu Disembala wa 1993, m'mawa uliwonse, ngakhale Tionenji anali atasesa dzulo lake.

Ankagwira ntchito yotsuka zinthu zofukulidwa, m'chipinda chapansi pakati pa London, pomwe akatswiri anapeza bwalo lamasewera la Aroma akale. Tsiku limene anamubweretsera bokosi la mafupa a anthu, anachita zimene anaphunzira kwawo ku Dedza polowa kumanda: anagwada n'kuwomba m'manja katatu, mofatsa, kupepesa eni ake.

Killian, mkulu wa ofukulawo, anamuona koma sanaseke. Anangomuuza kuti pabwalopo anthu ankaphedwa ndi zilombo dzuwa likuswa mtengo, khamu likutafuna mtedza, ndipo likawomba m'manja ndiye kuti likufuna abweretse wina.

Madzulo amenewo, mdima utagwa kale folo koloko, kuseri kwa khoma kunamveka manja akuyankha. Katatu, mofatsa. Mawa lake manjawo anachuluka. Pofika Lachitatu ankamveka ngati mvula pa malata, ndipo ankakula makamaka a Mulenga akamatsika masitepe.

A Mulenga anali mlonda wachikulire wa ku Chipata. Ankamuikira tiyi pa hita kuti asazizire, n'kumamuperekeza kukakwera basi ya ku Lewisham. Kenako a Mulengawo anayamba kufooka. Ankati amalota ataimirira pa mchenga, anthu miyandamiyanda akuwayang'ana kuchokera pamwamba. Ofukula ankati phokosolo ndi mapaipi. Dokotala sanawapeze ndi matenda.

Lachisanu Tionenji, ali m'munsi mwa masitepe, anawanong'oneza a Mulenga akuyamba kutsika ndi kapu: "Bambo, musatsikenso kuno. Tiyiyo ndizidzatenga ndekha."

"Iwe mwana, ungafike naye asanazizire?" anatero, akutsika.

Pa sitepe yomaliza anaterereka pa mchenga, kapu n'kusweka. Anagona chagada, akupuma movutikira. Kuseri kwa khoma kunangoti zii, ngati khamu likudikira. Pamenepo Tionenji anaona manja ake akutukuka okha, zikhatho zikuyandikana kuti ziwombe.

Anadzigwetsa pansi n'kugwira dzanja la a Mulenga ndi manja onse awiri, zolimba, akuitana Killian mpaka ambulansi inafika. Kuchipatala anamwino anamupempha kuti awasiye apume. Anangopukusa mutu.

Kwacha kawiri tsopano. A Mulenga akupumabe, ndipo Tionenji sanagone, chifukwa sakudziwa chimene manja ake angachite akangowasiya.