Bweretsa Mwanayo Ndikunyamulire

Aliyense wokwera minibasi mu Cairo amadziwa kuti mwana sakhala pampando wakewake. Ukachulukidwa katundu, wina amakulandira mwanayo n'kumukhazika pamiyendo, iwe osamufunsa ndi dzina lomwe. Ndi mmene timachitira. Ndiye anthu akamati Nagat anali mayi wosasamala, ine zimandipsetsa mtima.

Nagat anali wa ku Sohag. Anabwera pa tchuthi cha Idi kudzacheza kwa mlongo wake Abdel-Sattar ku Basatin, dera la mu Cairo momwemo, ali ndi mwana wake Badr wa zaka zitatu. Mwamuna wake anali kuntchito ku Kuwait. Badr anali mmodzi yekhayo, wobadwa makolo atatsala pang'ono kutaya mtima. Tsiku limenelo anakwera boti pa Nile, anamwa madzi a nzimbe, mwana n'kudzipaka ayisikilimu mpaka m'makutu.

Dzuwa linawalowera ali pa siteji ya Sayyida Aisha. Minibasi inali yodzaza. Nagat anapanikizika pampando wachiwiri kuchokera kumbuyo, majumbo pamiyendo, mwana m'khwapa.

"Sunthani, malo alipo! Nonsenu ndinu pachibale!" anakuwa dalaivala.

"Malo ake ati, a dalaiva? Tikhale pamutu panupo?" anatero bambo wina wonyamula fani yatsopano. Anthu anaseka.

Ndiye kumbuyo kunamveka mawu a mzimayi, ofewa bwino.

"Bweretsa mwanayo, mwana wanga, ndikunyamulire."

Nagat anacheuka pang'ono. Anaona zovala zakuda, nkhope yophimba, manja atatambasula kale.

"Mulungu akudalitseni, a Hajja," anatero, mmene timaitanira amayi achikulire, n'kumupereka.

Badr sankafuna mlendo. Amalume ake enieniwo akamunyamula ankalira mpaka kusasa mawu. Koma apa anangoti zii.

Galimoto inalowa msewu wodutsa m'mbali mwa manda akale, aja okhala ndi makoma, zitseko ndi tinjira, mmene osauka amagona moyandikana ndi akufa. Kunja kunada. M'minibasi munayamba kumveka fungo la dothi lothiridwa madzi ndi maluwa ofota. Kumbuyo mayi uja ankang'ung'udza nyimbo yogonetsa mwana.

"Gona, Mursi wanga, gona."

"Dzina lake ndi Badr, a Hajja," anatero Nagat akudzisekerera.

Nyimbo inapitirira, ndipo tsopano inali pafupi kwambiri ndi khutu lake. Tsitsi linamuima. Anafuna kucheuka, koma mapewa anali atapanidwa uku ndi uku.

Nyimbo inaleka.

Nagat anadzisolola mwamphamvu, majumbo n'kugwa. Kumbuyo kunali anyamata awiri akuonera foni, bambo wina akuwodzera, ndi malo a munthu mmodzi opanda kanthu.

Minibasi inali isanaime pena paliponse. Chitseko chinali chitsekere. Koma kunja, pansi pa getsi la mumsewu, Nagat anaona mayi wa zakuda akulowa m'kanjira ka kumanda, Badr atakhala paphewa pake.

"Imani! Mwana wanga! Imani!"

Dalaivala anaponda buleki anthu n'kugundana mitu.

"Mufuna mutiphe, mayi? N'chiyani?"

"Mayi uja wanditengera mwana!"

Mnyamata mmodzi anatsitsa foni. "Mayi wake uti, anti? Mwanayo munamukhazika nokha apa, pampando wopanda munthu."

"Nanga ali kuti?"

Onse anayang'ana pampandopo.

Nagat anatsika akuponda anthu. Nsapato imodzi inatsalira momwemo. Dalaivala uja, wamwano yemweyo, anazimitsa injini n'kumutsatira, bambo wa fani ali pambuyo, akuunikira ndi mafoni uku akutchula dzina la Mulungu mosalekeza.

M'mandamo tinjira tinali tofanana tonse. Khoma, chitseko, khoma, chitseko. Agalu anagona m'mbali, maso ali pa iwo, osauwa.

"Badr! Badr, yankha mayi ako!"

Zii.

Kenaka patsogolo panamveka mwana akuseka. Kunali kuseka kwa mwana amene wina akumugirigisha. Nagat anathamangira komweko.

Anamupeza atakhala pakhomo la manda ena. Chitseko chinali chomanga ndi tcheni, loko wake wadzimbiri lokhalokha. Mwana anali yekha, bwinobwino, wopanda ndi bala lomwe. M'dzanja anagwira buledi wozungulira uja anthu amagawa kumanda pa Idi. Buledi anali wofunda.

Nagat anamukumbatira akulira. Dalaivala anapumira m'mwamba.

Chitseko cha pafupi chinalira, onse n'kudzidzimuka. Anali munthu ndithu, mkazi wa mlonda wa mandawo, nyali ili m'manja. Sanapereke moni. Anayang'ana mwana, n'kuyang'ana tcheni chija.

"Wadya?"

"Mwati bwanji, mayi?" anafunsa Nagat.

"Ndati mwanayo wadya?"

Anasendeza nyali kukamwa kwa Badr. Pamilomo panali nyenyeswa. Buledi anali wolumidwa mbali imodzi. Mayiyo anabwerera m'mbuyo.

"Wagona umu anafa akubereka," ananong'ona. "Khandalo achibale anapita nalo, iye osaliona ndi nkhope yomwe. Idi iliyonse amakwera minibasi. Ana amawasiya pakhomo pompano, sawapweteka ayi."

"Ndiye basi, Mulungu ndi wamkulu," anatero dalaivala. "Tiyeni, mayi."

"Enawo sanadye," anatero mkazi wa mlonda, n'kutseka chitseko chake.

Kunyumba Abdel-Sattar anamuwerengera mwana Korani, mlamu wake wa Nagat n'kufukiza lubani zipinda zonse. Badr sanatenthe thupi, sanalire, anagona tulo tabwino. Nagat ndiye anachezera kumugwira phazi, kuopa kuti akaphethira amupeza palibe.

Kutacha mwana anadzuka wosangalala. Anamwa mkaka, anasewera ndi asuweni ake, anakwera pamsana pa amalume ake. Abdel-Sattar anaseka.

"Waona, mlongo wanga? Za kumanda zija n'zoopsezera anthu a kumudzi ngati iwe."

Mtima wa Nagat unakhala pansi. Anagwada pamkeka, natambasula manja.

"Bwera, Badr. Bwera kwa ine."

Mwana sanacheuke. Anaitananso kachiwiri, kenaka kachitatu. Apo ndi pamene mwana anasiya kusewera. Anapita pakhomo, navala tinsapato take mosemphanitsa, n'kubwera kudzaima patsogolo pake mwaulemu, mmene anaphunzitsidwira kuima pamaso pa alendo.

"Anti," anatero, "amayi anati ndisachedwe. Mundiperekeza?"