Makina Anga Sali pa Mndandanda

Anakumana pamalo okwerera basi, tsiku la mvula. Mtsikanayo anali ndi mwana kumsana, m'manja atanyamula mutu wa makina osokera. Basi itafika, mnyamata wina wovala ovololo anamulandira katunduyo osapempha n'komwe.

"Achemwali, imeneyi ndi injini ya galimoto?"

"Ndi khasu langa limenelo. Mukangogwetsa, mudzandilera ine ndi mwana yemwe."

"Ndiye ndigwetse dala?"

Mnyamatayo anali wokonza magetsi. Kuchokera tsiku limenelo anamutcha Kasingano, ati ngochepa thupi koma pakamwa amabaya. Mameseji sankatha. "Kasingano wanga, wandisoka mtima. Ulusi wake palibe angaudule." Kasingano ankawerenga kawirikawiri, n'kumaseka yekha ngati wopusa. Bambo wa mwana wake anathawa mimba isanaoneke. Ndani akanamudzudzula pokhulupiriranso?

Patatha miyezi isanu ndi itatu, Wamagetsi anamupempha kuti asamukire kwake.

"Nyumba ino ndi yako, wokondedwa. Chisiye chipinda chakumapetocho chokha. Muli katundu wa malemu amayi, sindinalimbe mtima kutsegulamo."

Kasingano anabwera ndi zake zonse: makina awiri, ayironi, tebulo lodulirapo nsalu, ndi kabedi ka mwana. Kiyi wa chipinda chokhomacho ankamuona pamwamba pa chitseko akamapukuta fumbi, koma sanamukhudzepo. Za malemu n'zolemekeza.

Kenako nyumba ya aneba inapsa masanasana. A inshuwalansi anavomera kukonza makoma ndi denga basi, chifukwa katundu wa m'kati sanamulembetse. Kasingano anaona mkazi wa anebawo akufukula phulusa ndi kamtengo, ndipo anapita kukafunsa Wamagetsi.

"Bambo, makina anga munawalembetsa?"

"Kalekale. Ndi singano zomwe."

"Ndionetseni pepala."

"Iwe, chikondi chimafuna pepala? Chako chilichonse chili m'manja mwanga. Ndikulonjeza."

Kalata itabwera yoti kampani ya inshuwalansi itumiza munthu wodzayendera nyumba, Wamagetsi anati, "Akabwera ine kulibe, uwabweze." Koma Kasingano lonjezo sankaliika pamoto n'kuphika. Mayi wa inshuwalansi atagogoda Lachitatu m'mawa, anamutsegulira ndi kumupatsa mpando.

"Inu ndinu ndani pakhomo pano?" anafunsa mayiyo akutulutsa mapepala.

"Ndine mayi wa pakhomo pano."

"Oo, ndiye mwabwerako kusukulu kuja? Pafoni munkati mwezi wamawa."

Kasingano anangomwetulira, osamvetsa. Sukulu anaisiya ali ndi mimba, ndipo foni sanaimbepo.

Anayamba kuyenda chipinda ndi chipinda, mayiyo akuwerenga mndandanda n'kumachonga. Firiji ilipo. Wailesi ya kanema ilipo. Atafika pa makina, cholembera chinaima.

"Awa sali pa mndandanda. Tebuloli, kabedika, palibe. Moto utabuka lero, simungalandire ngakhale batani. Komanso makina a ntchito amalembedwa paokha."

"Yang'ananinso, chonde. Anandiuza kuti analembetsa."

"Zomwe zinawonjezedwa chaka chino ndi zija munatiuza inu pafoni. Chipinda chachitatu: diresi ya ukwati, mphete ziwiri, kompyuta..."

Mayiyo anadzutsa mutu. Anayang'ana chala cha Kasingano chopanda mphete, kenako nkhope yake. Anatseka mapepala mwakachetechete.

"Mwana wanga," anatero, "ndayankhula zosayenera."

Kasingano anakweza dzanja n'kutenga kiyi uja.

M'chipindamo munalibe fungo la malemu. Munali mafuta onunkhira, nsapato zazitali zisanu ndi imodzi, ndi diresi yoyera m'pulasitiki. Chithunzi chachikulu chinali chitayang'ana kukhoma. Atachitembenuza, anaona Wamagetsi wake mu suti, atagwira mkazi wina m'chiuno, akumwetulira kumwetulira komwe kuja kwa pamalo okwerera basi.

Anakhala pansi. Ndiye miyezi yonseyi ankasesera nyumba ya mwini? Makatani amene anasoka ndi manja ake adzatsegula ndi mkazi wina? Mwana wake analowa, n'kuloza chithunzicho.

"Amayi, adadi awo!"

Pamenepo misozi inatsika. Analira mpaka mwanayo nayenso anayamba kulira, osadziwa chomwe akulirira.

Foni inanjenjemera m'thumba. "Kasingano wanga, ndakusowa. Pobwera ndikutengere chiyani, mtima wanga?"

Anapukuta m'maso ndi m'mphepete mwa diresi yake, n'kutuluka. Mayi wa inshuwalansi anali adakali pabalaza, chikwama chili pamiyendo.

"Amayi, munthu wokhala m'kachipinda kamodzi, kwa mchemwali wake, angalembetse makina?"

"Angathe. M'dzina lake."

"Ndisiyireni fomu."

Dzuwa lisanapendeke, galimoto yonyamula katundu inali pakhomo. Anatsitsa makatani ake, anapinda kabedi, anakulunga makina mu nsalu imene anabwera nayo. Supuni ngakhale imodzi ya m'nyumbamo sanatenge. Chithunzi chija anachipachika pabalaza, moyang'anizana ndi chitseko.

Ali m'galimoto, mwana atagona pamiyendo pake, anayankha meseji ija. Analemba n'kufufuta katatu.

"Musanditengere kanthu. Kiyi ali pansi pa chopondera cha pakhomo. Zonse za pa mndandanda zilipo, mukhoza kuwerenga. Ndangochotsa zomwe simunalembe: makina, mwana, ndi ine."