Mlatho wa Gologolo

Dasom anaponya chikwama cha mabuku pakhonde n'kuthamangira kuseri kwa nyumba. Pansi pa mtengo wa bamu, umene umabala mtedza m'makoko aminga, panali makoko ali mbwee, onse ong'ambidwa, opanda mtedza ndi umodzi womwe. M'mwamba, gologolo anali khale panthambi, akukukuta mtedza ngati mwini munda.

"Wakuba iwe! Wopanda manyazi!" Dasom anakuwa, n'kumugenda ndi nsapato. Nsapato inakodwa pamphanda ya mtengo. Gologolo sanasunthe n'komwe.

Mtengowo anaubzala bambo ake chaka chimene iye anabadwa. Tsopano kunatsala masiku asanu ndi limodzi kuti chaka chikwane chimwalirireni bambowo, ndipo patebulo la mwambo wowakumbukira pankayenera kukhala mbale ya mtedza wa bamu, pambali pa zipatso zachikasu zotchedwa gamu. Amayi ake anati akagula kumsika, koma Dasom anakanitsitsa.

"Wakumsika? Bambo tiwaikire mtedza wa munthu wosamudziwa, wawo ukudyedwa ndi khoswe wa mchira wa tsache?"

Sabata yapitayo anali atakulunga lata pathunthu n'kulimanga ndi waya, monga ankachitira bambo ake. Pa lata zikhadabo za gologolo zimaterereka. Nanga ankakwerera pati? Dasom anabisala kuseri kwa mitsuko, nadikira. Gologolo atakhuta anathamanga n'kudumphira panthambi ya mtengo wa gamu wa agogo Gwak, anansi awo. Nthambiyo inadutsa pamwamba pa mpanda mpaka kukhudza mtengo wa bamu.

"Agogo!" anaitana Dasom atakwera pamtsuko. Nkhalambayo inkathirira tsabola wake wa m'miphika. "Nthambi yanuyi ndi mlatho wa gologolo. Iduleni."

Agogo Gwak anamuyang'ana ali ndi nsapato imodzi, namwetulira. "Moni kaye, mwana iwe. Nthambi imeneyo sindingaidule. Si yanga."

"Si yanu bwanji, poti yachokera kumtengo wanu?"

"Ukafunse amako."

Dasom anaona ngati akumuseka. Iwo zipatso zawo zili lendelende, palibe wozikhudza, pomwe mtedza wa bambo ake ukutha! Chilungamo chili pati pamenepa? Agogowo atangolowa m'nyumba, anatenga sowo ya bambo ake, nakwera pampanda. Anacheka mano ali gwa, mpaka nthambi inagwa ndi zipatso zake zonse, zambiri zikadali zosapsa.

Amayi ake anafika kuchokera kuntchito dzuwa likupendeka. Ataona nthambi ili pansi, anatula thumba, nakhala pamwala maso ali panthambiyo. Dasom akadakonda kukalipiridwa.

"Ndinawauza adule okha," iye anayamba. "Anandinamiza kuti si yawo."

"Sananame. Inali ya bambo ako."

Amayi anafotokoza motsitsa mawu. Chaka chimene akazi a agogo Gwak anamwalira, bambo a Dasom anawapatsira pampanda mtedza wa patebulo la mwambo wokumbukira malemuwo. Agogowo, posowa chobweza, analoza nthambi imene inaweramira kuno, nati zonse zobala pamenepo ndi za bambowo mpaka kalekale.

"Ndiye gamu wa panthambiyi ndi amene tikadaika patebulo Lamlungu," anatero amayi.

"Koma bambo sankadziwa kuti gologolo amadzera pamenepa?"

"Ankadziwa. Ankati wamchira nayenso ndi mnansi, kungoti sagogoda."

Dasom anamva ngati bambo ake ayankhulira kumbuyo kwake. Anagwada n'kuyamba kutola zipatso chimodzichimodzi, misozi ikudonthera m'beseni.

M'mawa mwake, asanapite kusukulu, anagogoda pachipata cha agogo Gwak atanyamula beseni lija. Anawerama mpaka tsitsi linaphimba nkhope.

"Agogo, ndalakwa. Ndadula nthambi."

"Ndinamva. Sowoyo ndi yobuntha, nkhani ya mphindi zisanu unachita kulimbana nayo ngati ukupha ng'ombe." Anatenga chipatso chimodzi, nachitembenuza. Kenako anayang'ana chilonda choyera pamtengo wawo. "Zaka khumi ndi ziwiri nthambi imeneyo ikukula. Lowa."

Anamutengera kukhonde, kumene kunali mphika wodzaza mchenga wonyowa. Anapisamo dzanja n'kutulutsa mtedza wonenepa, wonyezimira. Anapisanso, napisanso.

"Wakuba wakoyo amaba kwanu, nkhokwe anamanga kwanga. Amakwirira m'miphika yanga ya tsabola. M'mawa uliwonse ndimafukula n'kusungira bambo ako. Ndimati ndidzakupatse Loweruka."

Misozi inalengeza m'maso mwa Dasom.

"Usalire, unganyowetse mchenga wanga mopitirira," anatero agogowo. "Bwera ndi mtsuko. Gamu wosapsa amawawa, koma ukamuviika m'madzi amchere ofunda, n'kufunditsa mtsuko bulangeti masiku anayi, amatsekemera. Ena akana, poti wawathothola msanga. Odzaza mbale imodzi apezeka."

"Nanga nthambi idzaphukanso?"

"Idzaphuka, koma kuti ifike kwanu udzakhala utamaliza sukulu. Kaya ine ndidzaiona. Ukaweruka ubwere, tidzamate chilondacho chisawole."

Lamlungu, patebulo panali mbale ya mtedza umene Dasom anasenda yekha, ndi gamu asanu osanjikizana, achikasu chotuwa. Anagwada kawiri pamaso pa chithunzi cha bambo ake, mphumi mpaka pansi. Mwambo utatha, mbale yoyamba ya chakudya anapita nayo kwa agogo Gwak.

"Ukudziwa kuti mnzako wapeza kale njira ina?" anatero agogowo akutafuna. "Akudzera padenga lanu."

Madzulo ake Dasom anaika makwerero kuti akatsitse nsapato yake ija. Ataifikira, anasuzumiramo. Kunsonga kwa zala kunali mtedza utatu, wobisidwa bwinobwino ndi masamba ouma. Panthambi ya pamwamba, gologolo ankamuyang'anitsitsa, mchira ukunjenjemera.

Dasom anakankhira nsapatoyo mkati mwa mphanda kuti mphepo isaigwetse, natsika chimanjamanja.

"Nsapato ili kuti?" anafunsa amayi ake.

"Muli anansi," anayankha Dasom. "Sanagogode."