Zilembo Zitatu Zimene Fiskani Anapala

Ku Rumphi Boma kunali nyumba imene ngakhale tambala sankalira asanamve pemphero la m'mawa. Mwini wake anali a Horace Gondwe, mphunzitsi komanso mkulu wa mpingo. Akazi awo, a Nyamhango, anali namwino. Mwana wawo Fiskani anali Fomu 2, ndipo Chingerezi chinkamutuluka ngati madzi pampopi wothyoka. Ena amati tsiku lobadwa analira m'Chingerezi, azamba mpaka kufunsana kuti kodi mwanayu akuti chiyani.

Mnzake wa ponda apa nane mpondepo anali Luntha Nyirenda. Bambo ake a Luntha anali atatha zaka zisanu ku Joni, ndipo tsiku lina anatumiza katundu: mabulangete awiri ndi chitini cha mabisiketi. Mabisiketi munalibe. Munali makhadi, osati a juga aja ayi, koma ojambulidwa zinyama zoopsa, zina zamapiko, zina za mano mpaka kumchira. Khadi lililonse linali ndi nambala ya mphamvu pakona, ndi timalemba ta Chingerezi pansi tonena zimene limachita. Limodzi linali lonyezimira ngati lata latsopano, pali njati yoyaka moto m'nyanga. Analitcha Njati ya Moto.

"Enawo ugawireko anzako muzisewera," anatero bambo ake pafoni. "Koma lonyezimiralo lisachoke m'manja mwako. Disembala ndikubwera, tidzasewere iwe ndi ine."

Luntha anagawadi. Loweruka lililonse masana anyamata ankakumana pansi pa mtengo wa mango kuseri kwa msika. Ankasewera awiriawiri, aliyense ndi mulu wake, kuponya mosinthana, nyama yamphamvu n'kupha yofooka. Zikanakhala zophweka pakanapanda timalemba tija.

Tsiku lina mnyamata wina, Greyson, anaponya Kamba wa Chitsulo, amene akafa amabwerera pabwalo. Luntha anamuponyera khadi la Kamvuluvulu. Kamba uja anachoka.

"Abwerere kamba wanga," anatero Greyson.

"Sabwerera."

"Abwerera, iwe."

Anatsala pang'ono kugwirana makolala. Fiskani anatola makhadi onse awiri n'kuwayandikitsa kumphuno.

"Tamverani. Kamba amabwerera akaphedwa. Kamvuluvulu sapha, amangonyamula n'kukataya kunja kwa masewera. Munthu wotengedwa ndi mphepo maliro ake munawalirapo? Popanda maliro palibenso kuuka."

Onse anaseka, ngakhale Greyson yemwe. Kuyambira tsikulo Fiskani anakhala jaji, ndipo anamupezera kireti yokhalapo. Ankagamula mwachilungamo moti nthawi ina anadzigwetsa yekha. Anali ataponya khadi lake la Msampha pa Njati ya Luntha, koma atawerenga anapukusa mutu.

"Msampha wangawu umagwira nyama iliyonse, koma apa alemba kuti sungathe kugwira yamoto. Ndaluza, aise."

Pafupi ndi mtengowo pankaima Amock, wa kabaza ya njinga yamoto, amene sukulu anaitsanzika ali Fomu 1. Anamuitanira Fiskani pambali.

"Bwana jaji, milandu yonse mwagamulayi mwadyapo chiyani?"

"Sitidyerana ife."

"Ndiye mukuseweranji? Mpira wopanda zigoli? Uwauze kuti woluza azipereka khadi limodzi. Nanga timalembato amawerenga ndani? Iwe wekha. Mbuzi imadya pamene aimangirira, mfana wanga."

Loweruka lotsatira lamulo lodyerana linayamba, ndipo Chingerezi chinayamba kupindika. Pamene khadi linkati ukafuna utha kutaya khadi limodzi, Fiskani ankauza mnzake kuti alemba zoti uyenera kutaya. Pamene linkati kamodzi, likakhala lake ankati kawiri. Pomatha masabata atatu thumba la buluku lake linali litang'ambika, ndipo ankayenda chopendekera ngati minibasi ya ku Mzuzu yodzaza matumba mbali imodzi.

A Nyamhango anaupeza muluwo pochapa.

"Iwe Fiskani, makhadi onsewa ndi ako?"

"Ndinapambana, amama."

"Amayi ake a Greyson akuti mwana wawo watsala ndi awiri okha."

"Azilimbikira Chingerezi. Ndinamuletsa sukulu ndine?"

Madzulo a Gondwe anamukhazika pakhonde.

"Mwana wane, munthu akakupatsa pepala kuti umuwerengere, wakubwereka maso ake. Ukanama, wamubaya m'maso. Ukabweze makhadiwo, ndipo kumtengo kuja ndisamve kuti wapondako."

"Adada, inu mukachonga mayeso, wolephera mumamugawira mamalikisi a mnzake?"

"Ukundiyankha?"

"Ndangofunsa."

Loweruka anatulukira kuseri, podutsa agalu pampanda.

Koma kumtengoko anapezako mlendo. Kezia, mchemwali wake wamkulu wa Luntha, anali atabwera kutchuthi kuchokera kusukulu yogonera konko ku Phwezi, kumene anali Fomu 4. Jaji akangotsegula pakamwa, iye ankatambasula dzanja.

"Bweretsa ndiwerenge ndekha."

Tsiku limenelo Fiskani anagamula zoona zokhazokha, thukuta lili kamukamu, ndipo analuza kawiri. Pobwerera, Amock anamudutsira ndi njinga n'kumuponyera lezala.

"Wowerenga sungamusinthe, ndiye sintha chowerengedwacho. Njati ija ikagwa undibwereke tsiku limodzi lokha, ndiyende nayo."

Pa khadi la Msampha panali liwu la Chingerezi lakuti cannot, kutanthauza kuti sungathe. Ukalidula mchira, zilembo zitatu zokha, pamatsala can, kutanthauza kuti ungathe. Masana, kuseri kwa khola la nkhuku, Fiskani anapala mchirawo pang'onopang'ono, kenako anapakapo kandulo kuti pasalale. Nkhuku zinamuyang'ana ndi diso limodzi, koma iye sanachite nazo manyazi. M'mutu mwake Msampha unali umodzi wokha dziko lonse lapansi, monga nkhope ya munthu. Nanga akanamutsutsa ndani?

Loweruka anakhuthula mulu wake wonse pansi.

"Luntha, onsewa kulimbana ndi Njati yako. Ukapambana, tenga ubwezere eni ake."

"Adada anati isachoke m'manja mwanga."

"Ndiye kaisunge m'chitini, uziipatsa phala. Njati yanji yoopa bwalo?"

Anyamata amene anadyeredwa anamuzungulira Luntha. "Sewera aise, utiwombole." Luntha anakumbukira kuti m'mulu wa Fiskani munalibe nyama yoposa Njati, ndiponso kuti Msampha sugwira yamoto. Anakhala pansi.

Anaponyerana kanayi. Kachisanu Luntha anatsitsa Njati, anyamata n'kuyamba kuimba m'manja. Fiskani anaika Msampha pamwamba pake mofatsa ngati akuika chopereka m'mbale.

"Yagwidwa."

"Sugwira yamoto," anatero Luntha. "Unanena wekha."

"Tsiku lija ndinawerenga mothamanga. Jaji naye ndi munthu. Achemwali, werengani nokha, si mumakonda kuwerenga?"

Kezia anawerenga kawiri, natembenuza khadilo uku ndi uku.

"Apa pali mpata."

"Kafunseni amene anasindikiza. Inu tiuzeni zimene zalembedwa."

Kezia anayankha kuti, "Alemba kuti ungathe kugwira yamoto."

Luntha sanalire. Anapereka Njati ndi manja awiri, n'kunyamuka osasansa fumbi kumbuyo. Dzuwa lisanalowe, Amock anali atabwera kale kudzabwereka tsiku lake limodzi lija.

Panapita masabata awiri. Kumtengo kunalibenso obwera, koma Fiskani ankakakhalabe pakireti yake n'kumauza mbalame kuti anthu oluza ndi ansanje. Lamlungu lina, atangoweruka kutchalitchi, pakhomo pa a Gondwe panamveka odi. Anali Kezia ndi Luntha. Kezia anagwada n'kupereka moni kwa akuluakulu, kenako anatulutsa kampango.

"Adada atsogoza katundu wina dzana, poti akubwera mwezi wamawa. Munalinso timapaketi ta makhadi."

Anayala makhadi atatu patebulo. Onse anali Msampha. Chithunzi chomwecho, mawu omwewo, ndipo lililonse linali ndi mchira wake wa zilembo zitatu. Fiskani anaumitsa nkhope.

"Ndi feki amenewo. Ku Joni kwadzaza zinthu zafeki."

"Onse atatu?" anafunsa Kezia.

"Ngakhale akanakhala khumi."

"Katenge lako," anatero a Gondwe.

Fiskani atabwera nalo, a Gondwe analinyamula n'kuliloza kuwindo. Dzuwa linalowera pamalo opalidwa paja ngati padenga lobooka. Analinunkhiza.

"Kandulo," anatero, akupatsira akazi awo.

"Linabwera choncho," anatero Fiskani.

A Nyamhango anangokhala pansi n'kuphimba nkhope ndi chitenje.

"Njatiyo ili kuti?" anafunsa a Gondwe.

"Ndinabwereka munthu."

"Tiye."

Anamupeza Amock pasiteji ya kabaza akutokosa m'mano. Njati ya Moto inali pomwepo, yomatidwa ndi guluu pathanki ya njinga. Dzuwa la Novembala linali litaiwotcha, mvula yoyamba itainyowetsa, petulo ataitsuka. Moto wa m'nyanga unali utazima, ndipo njatiyo inkaoneka ngati mbuzi yodwala chipere.

"Wandiwonongera khadi, Amock," anatero Fiskani. "Unati tsiku limodzi."

"Ine ndi makhadi, abwana?" Amock anayang'ana a Gondwe, osati Fiskani. "Mwanayu anandipatsa yekha. Zosewera za ana ine ndilibe nazo ntchito. Matulani ngati mukufuna."

Luntha, amene anali atawatsatira, anayesa kumatula ndi chikhadabo. Khadilo linabwera zidutswazidutswa, mutu pawokha, miyendo payokha, zina n'kutsalira pathanki. Amock analiza njinga n'kupita kukanyamula mayi wina wa dengu la tomato.

Sabata yonseyo Fiskani anayenda khomo ndi khomo kubweza makhadi, bambo ake ali pambuyo. Paliponse ankapereka atayang'ana kumbali, akung'ung'udza kuti anthu akuchita kulirira mapepala ngati ndi ng'ombe.

Disembala inafika, ndipo a Brightson Nyirenda, bambo ake a Luntha, anatsika minibasi pa Boma. M'mawa mwake a Gondwe anamugwira Fiskani padzanja mpaka kwa a Nyirenda. Iye anali atakonza kale mawu m'njira: kuti masewera ndi masewera, kuti Luntha sanakakamizidwe, kuti wolakwa ndi Amock.

Anawapeza pakhonde. A Nyirenda anali munthu wowonda, manja ong'aluka ndi simenti. Patsogolo pawo panali kampando, makhadi atayalidwa kale milu iwiri, ndipo Luntha anali atakhala mbali inayo. Atapatsana moni ndi a Gondwe, a Nyirenda anamuyang'ana Fiskani.

"Ndiwe jaji uja?"

A Nyirenda anapitiriza.

"Ine Chingerezi changa ndi cha pantchito basi, cha bweretsa wilibala. Chaka chathunthu, Loweruka ndikaweruka, ndinkakaima m'shopu imene amaseweramo makhadiwa, kuonerera ana a eni dziko, kufunsa mpaka kundiseka. Ndinkati ndisadzachite manyazi pamaso pa mwana wanga. Lonyezimira lija ndinalisaka miyezi inayi. Anandiuza kuti analeka kulisindikiza." Anasisita milu ija ndi chala. "Ndiye poti malamulo umawadziwa ndiwe, tandiuza. Pamenepa lamulo likuti chiyani?"

Fiskani anafufuza mawu amene anakonza aja. Anafufuza m'Chingerezi, munali mbee. Anafufuza m'Chichewa ndi m'Chitumbuka momwe, osapeza kanthu. Anagwada pansi.

"Ndinanama, adada. Ndinapala ndi lezala. Ndinkawawerengera zabodza onse. Pepani chomene."

"Yewo, ndamva. Dzuka, ndakukhululukira." A Nyirenda anatembenukira kwa mwana wawo. "Nanga iwe, mnzakoyu akhale nafe ationerere?"

Luntha anatola mulu wake n'kuyamba kuusakaniza, maso ali pamakhadi.

"Masewerawa ndi a anthu awiri, adada. Yambani ndinu."

Fiskani anatsika pakhondepo. Ali pamsewu anamva a Nyirenda akufunsa tanthauzo la khadi lina, ndipo Luntha anaitana Kezia kuti adzawerenge.

Ana inu, imvani bwino. Kuba sikuthyola loko kokha ayi. Amene amanamiza mnzake pa zolembedwa ndi wakuba, ngakhale chobedwacho chikhale kapepala kolowa m'thumba la malaya. Makolo akakuchenjezani musawayankhe ndi nzeru za m'kalasi, ndipo wokupatsani lezala tsiku la mlandu sadzakudziwani. Fiskani analapa, Mulungu ndi a Nyirenda anamukhululukira. Koma Njati sinabwerere, ndipo mpaka lero Luntha akakumana naye pamsika amangomupatsa moni wa yewo, n'kupitirira.